Yankho kwa achimwene a pulogalamu ya fizi ku Mayaka: Python, Java kapena Electron?

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwapatsidwa ntchito yolemba pulogalamu yosungira mbiri ya fizi ndi kusindikiza malisiti pasukulu ina yapulayiveti kufupi ndi Mayaka. Kompyuta ya muofesi ndi yakale, netiweki imabwera ikafuna, ndipo inuyo mumadziwa Python bwino, JavaScript pang'ono chabe. Anzanu ena akukuuzani Electron (chida chopangira mapulogalamu a pakompyuta ndi JavaScript), ena Java poti ndi imene munaphunzira kukoleji.

Ine ndikuti khalani pa Python, koma muichepetsere katundu.

Zilankhulo zonsezi zingathe kuwerengera kuti mwana wa Fomu 2 watsala ndi ngongole yanji. Pamenepo palibe mpikisano. Zimasiyana pa zimene pulogalamu imafuna kuzipeza pa kompyuta ya eni ake isanayambe n'kuyamba komwe. Pa laputopu yanu zonse zilipo, munaziika kalekale mpaka munaiwala kuti munaziika. Ku Mayaka kulibe. Pulogalamu ya Python imafuna Python yeniyeniyo, ya Java imafuna JRE (pulogalamu yoyendetsera Java), ya JavaScript imafuna Node (yoyendetsera JavaScript) kapena bulawuza, ndipo pamwamba pake pali ma library onse (khodi yolembedwa kale ndi anthu ena) amene munakoka pa intaneti ndi zida za pip kapena npm. Zili ngati mlendo wobwera ndi ufa wokha, n'kumayembekezera kuti poto, mthiko ndi nkhuni azipeza pakhomo. Tsiku lokaika pulogalamu mukakwera minibasi kuchoka mtauni, n'kufika kompyuta ikunena kuti fayilo yakutiyakuti ikusowa, mudzakhala pakhonde la ofesi mukusakasaka netiweki ndi foni, bandulo ikutha, a hedi akukuyang'anani.

Ndiye musanalembe mzere ngakhale umodzi, imbani foni kusukuluko. Wina atsegule kompyutayo, alembe winver (lamulo loonetsa mtundu wa Windows), akujambulireni chimene chatuluka. Mufunsenso ngati Windows yake ndi ya 32-bit kapena 64-bit, komanso RAM ndi yochuluka bwanji. Izi si zocheza. M'maofesi ena ang'onoang'ono mukadali Windows 7, ngakhale Microsoft inasiya kuisamalira mu Januwale 2020. Python yomaliza kuyenda pa Windows 7 ndi 3.8. Mukamanga pulogalamu ndi 3.9 kapena yatsopano kuposa apo, ikakana kutseguka, ikudandaula kuti api-ms-win-core-path-l1-1-0.dll palibe, ndipo kukopera fayilo imeneyo kuchokera pa mawebusayiti osadziwika ndi njira yachidule yolowetsera vayirasi mu kompyuta yosunga ndalama za sukulu. Electron nayo inasiya Windows 7 pambuyo pa version 22, chilankhulo cha Go pambuyo pa 1.20. Choncho chithunzi cha winver chija chikuchotserani theka la mkangano. Ikapezeka kuti ndi Windows 7, ndingayambe ndawapempha eni sukulu kuti ikwezedwe, chifukwa Python 3.8 nayonso inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Okutobala 2024.

Electron ndiikana msanga. Imanyamula Chromium (bulawuza imene Chrome inamangidwapo) yathunthu pamodzi ndi Node mkati mwa pulogalamu iliyonse, kotero ngakhale ka pulogalamu ka mafomu atatu kamaposa 100 MB kakaikidwa, ndipo pa kompyuta ya RAM yochepa kamakoka miyendo. Mukakonza kachilema kamodzi, zonsezo muyenera kuzitumizanso. Pa bandulo ya ndani?

Java si yoipa, ndipo kuyambira pa Java 9 pali jlink yokuthandizani kudula runtime (zoyendetsera pulogalamu) kuti munyamule zokhazo zimene mukufuna. Koma mwanena nokha kuti kuyambira pamene munalemba mayeso simunaigwirenso. Kasitomala sakulipirani kuti mukumbukire zakukoleji.

Tsopano Python. Chimene anthu ambiri amaiwala ndi kuchuluka kwa zinthu zimene imabwera nazo yokha. Muli sqlite3 yosungira deta, tkinter ya mawindo ndi mabatani, csv yotulutsira malipoti amene Excel imatsegula popanda vuto, decimal yowerengera ndalama molondola, datetime ya masiku. Pulogalamu ya fizi ingathe kutha ndi zimenezi zokha. Tkinter siikongola, ndikuvomereza, koma wolandira fizi amafuna kuti risiti ituluke msanga mzere wa makolo usanafike panja pa tsiku lotsegulira teremu. Chonde musakoke pandas, library yaikulu yosanthulira deta, kungoti muphatikize manambala a mzere umodzi: imabwera ndi numpy kumbuyo, ndipo paketi yanu inenepa kangapo chifukwa cha ntchito imene SUM ya SQL imachita yokha. Akakakamira fayilo ya xlsx yeniyeni, openpyxl ndi yopepuka ndipo ikwanira.

Library iliyonse musanaiwonjezere, dzifunseni kuti ikukupulumutsani masiku angati, ndipo ikadzasiyidwa ndi mwini wake mudzatani. Mu Malichi 2016 munthu wina anachotsa pa npm ka paketi kotchedwa left-pad, ka mizere 11 yokha, ndipo mapulojekiti akuluakulu ambiri analephera kumangika tsiku limenelo chifukwa ankakadalira mosadziwa, kudzera mwa ma library ena. Mu Disembala 2021 kunapezeka bowo lalikulu la chitetezo mu Log4j ya Java, makampani n'kuyamba kufufuza usiku ndi usana ngati ili mkati mwa mapulogalamu awo, ambiri osadziwa kuti anali nayo. Inu muli nokha, mulibe gulu la anthu lofufuza zimenezo. Chilichonse chimene mwaika mu requirements.txt ndi chanu kuchisamalira mpaka sukuluyo idzasiye kugwiritsa ntchito pulogalamuyo. Lembanimo manambala a version enieni, osati dzina lokha, ndipo musunge mapaketiwo pa fulashi ndi pip download kuti mudzathe kumanganso popanda intaneti pogwiritsa ntchito --no-index.

Pa database, SQLite basi. Ndi fayilo imodzi, palibe seva yoti iyatsidwe. Ndaonapo anthu akuika XAMPP yonse (phukusi la mapulogalamu a seva) pa kompyuta ya muofesi chifukwa cha MySQL, database yofuna seva, magetsi n'kuzima pakati pa ntchito, m'mawa mwake MySQL osadzuka, wolandira ndalama n'kubwerera ku kope ndi bolopeni. SQLite inapangidwa kuti magetsi akathima pakati pa kulemba, transaction (gulu la zolemba zoyenera kulowa zonse pamodzi) yosathayo ibwezedwe pamene inayambira, bola inuyo muzilemba malipiro ndi risiti yake mu transaction imodzi. Chenjezo lake ndi limodzi: musaiike pa foda yogawana kuti makompyuta awiri azilembamo nthawi imodzi kudzera pa netiweki. Akadzafuna makompyuta awiri, imeneyo ndi ntchito ina ndi mtengo wina.

Kunyamula kwake gwiritsani PyInstaller, imene imaika Python ndi khodi yanu pamodzi kuti kusukulu asaike kalikonse. Apa pali misampha itatu. Siimanga ya Windows muli pa Linux kapena Mac, muyenera kumangira pa Windows, ndipo ngati kompyuta yawo ndi ya 32-bit mumange ndi Python ya 32-bit. Njira ya onefile (zonse mu fayilo imodzi) imaoneka yaudongo, koma nthawi iliyonse pulogalamu ikamatseguka imayamba yadzimasula mu foda ya kanthawi, zimene zimachedwa kwambiri pa hard disk yakale; sankhani onedir (zonse mu foda imodzi) n'kuika shortcut pa desktop. Wachitatu ndi ma antivirus, amene nthawi zina amaganizira mafayilo a PyInstaller kuti ndi vayirasi n'kuwameza. Yesani zonsezi pa kompyuta imene sinaonepo Python. Virtual machine (kompyuta yoyerekezera ya mkati mwa yanu) yatsopano ikwanira, kapena pemphani laputopu ya m'bale wanu ku Chinamwali amene amangoonerapo mafilimu. Muzimitse intaneti poyesapo, ndipo musindikize risiti yeniyeni pa pulinta.

Ena m'gulu muno atchula Go, ndipo sakunama. Pa nkhani ya katundu wa runtime, Go ndi imene ndimaikonda kuposa zonse: imatulutsa fayilo imodzi ya exe yosafuna china chilichonse, mungaimange pa Linux polemba GOOS=windows, ndipo kuyambira pa 1.16 embed imalowetsa masamba a HTML mkati mwa fayilo yomweyo, wogwiritsa ntchito n'kungotsegula bulawuza pa localhost. Kungoti library yotchuka ya SQLite ya mattn imafuna cgo (njira yolumikizira Go ndi khodi ya C), zimene zimavutitsa pomangira Windows muli kwina, ya modernc.org/sqlite siifuna. Mukanakhala ndi miyezi itatu ndikanati phunzirani Go pa ntchito yomweyi. Koma mwati teremu ikutsegulidwa mwezi wamawa, ndipo ndalama za makolo si zophunzirirapo chilankhulo chatsopano. Ganiziraninso kuti mukadzapeza ntchito ku Lilongwe, wodzakonza pulogalamuyi adzachokera kuno konkuno, ndipo wodziwa Python pa Zomba simuvutika kumupeza pakati pa ophunzira a ku Chanco, pamene wa Go mungafunse nthawi yaitali.

Ikani batani lakuti "Sungani pa fulashi" limene lizigwiritsa ntchito backup ya sqlite3, dzina la fayilo likhale ndi tsiku, ndipo muwaphunzitse kulidina Lachisanu lililonse asanatseke ofesi. Chithunzi cha winver chikafika, chitumizeni muno tikuuzeni version ya Python yoti mumangire.