Za nyamakazi ya amayi anu ndi mabotolo omwe akukutsatsaniwo

Achemwali, pepani ndi matenda a amayi. Mwati ali ku Ulongwe, maondo akuwawawa, m'mawa zala zimauma moti amalephera kufinya chitenje, ndipo wina pa WhatsApp akukutsatsani mabotolo a medicina funcional, ati amazula muzu wa nyamakazi bola amayi asiye mankhwala akuchipatala. Ndalama zanuzo zisungeni kaye.

Choyamba mudziwe kuti amayi akudwala nyamakazi iti, chifukwa zilipo zingapo ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Yofala kwambiri ndi ya kuperepeseka kwa chichereŵechereŵe cha molumikizana mafupa. Imakonda maondo, chiuno ndi msana, ululu umakula munthu akagwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa kumatha pasanathe theka la ola. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali nayo. Ina ndi gout, yomwe imakonda kugwira chala chachikulu chakuphazi mwadzidzidzi usiku, chifukwa cha kuchuluka kwa asidi wotchedwa uric acid m'magazi.

Koma zomwe mwanena za zalazo ndi zimene zandidetsa nkhawa. Mawa m'mawa muwayang'anitsitse. Ngati zala zikutupa manja onse awiri mofanana, zikuuma ola lathunthu kapena kuposa, amayinso akumangomva kutopa, imeneyo ikhoza kukhala rheumatoid arthritis, pomwe chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mafupa a mwini wake. Mwa odwala 10, pafupifupi 7 ndi azimayi. Apa kuwongola mtengo mpoyamba. Mankhwala monga methotrexate, omwe amamwedwa kamodzi pa sabata osati tsiku lililonse, amateteza mfundo akayambidwa msanga, koma zala zikapindika siziwongokanso ndi tiyi kapena ufa uliwonse. Apititseni kuchipatala cha Ulongwe, mukafotokoze bwino kuti kuumako kumatenga nthawi yaitali bwanji, mupemphe kuyezedwa magazi, ndipo ngati kuli kofunika akulembereni kalata (guia) yopita ku Hospital Provincial de Tete.

Za medicina funcional zija zinachokera ku America, komwe Jeffrey Bland anayambitsa Institute for Functional Medicine mu 1991. Ganizo lake ndi loti osangoziziritsa ululu, koma kuona munthu yense: amadya chiyani, amagona bwanji, akulemera bwanji, ali ndi nkhawa zanji. Mbali imeneyo ine ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Pomwe ndimakana ndi pa malonda omwe akangamira pa dzinali, kuyeza kodula ndi mabotolo omwe umboni wake ndi wochepa. Palibe kapisozi yomwe yatsimikizika kuti imameretsanso chichereŵechereŵe chomwe chinatha. Ndipo munthu wouza mayi wodwala kuti asiye mankhwala asanamuone n'komwe, ameneyo akufuna ndalama basi.

Zabwino zonse za njira imeneyi mungazichite pakhomo osalipira metical ngakhale imodzi. Ngati amayi ali ndi thupi, kuchepetsako kumathandiza kwambiri, poti kilogalamu imodzi ikachoka, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa sitepe iliyonse. Chachiŵiri, asamangokhala. Ambiri bondo likawawa amaligoneka pamphasa, minofu ya ntchafu n'kufooka, ululu n'kuwonjezeka. Akhale pampando wolimba, awongole mwendo umodzi mpaka utambasuke, awerenge mpaka 10, autsitse pang'onopang'ono, abwereze kakhumi kenako mwendo winawo, m'mawa ndi madzulo. Kuyenda pamalo athyathyathya n'kwabwino. Chomwe chimapweteka maondo ndi kunjuta nthawi yaitali ndi kusenza ndowa yamadzi potsika mtunda. Apezereni kampando kophikira ndi kuchapira, kuchimbudzi muwakhomere mtengo wogwirira podzuka, ndipo ndodo aziigwira ku dzanja la mbali yomwe sikuwawa. Kuzizira kwa ku Angónia mu June ndi July mukukudziwa; nyengo imeneyo aviike manja m'madzi ofunda asanayambe ntchito, maondo awathowe ndi kansalu kofunda.

Pa zakudya, zomwe anthu akunja amagula modula ife tili nazo kudimba. Nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, nyemba, chisoso, bonongwe, nkhwani wotendera, malambe ndi masau a kuno ku Tete, kapenta wa ku Cahora Bassa. Nsomba youma yamchere ya chicoa muziyamba mwaiviika kuti mchere uchepe, makamaka ngati amayi ali ndi BP. Shuga wam'tiyi ndi zakumwa zotsekemera zam'mabotolo achepetse. Jinja kapena turmeric m'ndiwo palibe vuto, ena zimawachepetsera ululu pang'ono, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala. Akakapezeka ndi gout ndiye kuti mowa, zam'kati za mbuzi ndi kapenta yemweyo ayenera kuzichepetsa, n'chifukwa chake ndikulimbikira zoti ayambe ayezedwa.

Pali chinthu china chomwe chimandipweteka mtima chifukwa chikuwononga makolo athu mwakachetechete: mapilitsi ogula pamsika. Diclofenac, Indocid ndi Brufen amaziziritsa ululu ndithu, koma kumwa tsiku ndi tsiku miyezi yambiri kumayambitsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso, ndipo chiopsezo chimakula kwa okalamba, a BP, a shuga ndi omwe akumwa ma ARV. Timapilitsi ta prednisolone kapena dexamethasone timachititsa munthu kumva ngati wachira, kenako nkhope imatupa, shuga amakwera, mafupa amafooka. Ngati amayi atimwa kwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, adokotala ndiwo awachepetsere pang'onopang'ono. Kutema mphini pa bondo lotupa nakonso ayi, lumo limatha kulowetsa tizilombo. Ndipo tsiku lomwe mfundo imodzi idzatupe, kutentha, kufiira, thupi n'kutenthanso, musadikire kuti kuche, imeneyo ikhoza kukhala mafinya m'kati ndipo amawononga mfundo m'masiku ochepa.

Popita kuchipatala musonkhanitse m'jumbo mankhwala onse omwe amayi akumwa, akuchipatala, apamsika ndi azitsamba omwe, osabisa kalikonse. Alipo ena, monga hydrochlorothiazide wa BP ndi pyrazinamide wa TB, omwe amakweza uric acid n'kuyambitsa kuwawa kwa mfundo, ndipo adokotala sangadziwe ngati simunawaonetse. Mukabwerako mutiuze zomwe apeza, tidzakambirane za zakudya zogwirizana ndi matenda awo enieniwo.