Akalozera si paliponse ayi, onani kaye dothi

Achimwene a ku Ntcheu, mwafunsa kuti bwanji akalozera (mizere yoyezedwa yopingasa chitunda) ndi ngonyeka (timizere totseka pakati pa mizere kuti madzi asathawe) zikugwira bwino kumunda wa kumtunda koma kumunsi kufupi ndi dambo madzi akungodikha chimanga nkumachita chikasu. Simunalakwitse kuyeza ayi, nkhani ndi dothi.

Kumtundako mwina ndi katondo, lofiira lija, limamwa madzi ndiye ngonyeka ndi udzu wa vetiva zimathandizadi. Kumunsiko ndikuganiza kuti ndi makande, lakuda lomata, mu Okutobala limang'ambika ming'alu yoti dzanja nkulowa koma mvula ikagwa kawiri katatu limafufuma nkutsekeka madzi osalowanso, ndiye mukaika ngonyeka pamenepo mwangomangira chimanga damu basi. Tsegulani mizereyo, kumbani kangalande koti madzi azituluka pang'onopang'ono, kapena ingodzalanipo mpunga, dimba mudzalime mvula ikatha.

Kuyesa kwake sikovuta. Tapani dothi, nyowetsani, mulipote m'manja ngati chingwe. Mchenga umangoyoyoka, katondo amapoteka koma mukapinda amathyoka, makande amapindika osaduka komanso kusamba m'manja kwake ndi ntchito. Pamchenga chofunika ndi manyowa ndi mapesi, osawotcha chonde, mbewa zisatipusitse.

China, musalime mpaka m'gombe mwa mtsinje, siyani bango, nsenjere ndi nsungwi zigwire dothi. Limene likukokoloka kwanuko likalowa mu mtsinje wa Rivirivi limakathera mu Shire, matope ake ndi omwe a EGENCO, kampani yopanga magetsi, amavutika kuchotsa pa damu la Nkula magetsi nkumavuta.