Vidiyo ingalowe m'malo mwa mtembo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira zachipatala kuno ku Lilongwe. Akuti patebulo limodzi lotumbulirapo mtembo amaunjikana ambiri moti wakumbuyo amangoona misana ya anzake, fomalini (mankhwala oteteza mitembo kuti isawole) amamukhetsa misozi, pomwe pafoni chiwalo chilichonse chimaoneka poyera. Ndiye akufunsa kuti bwanji osangophunzira anatomy (kapangidwe ka thupi la munthu) ndi mavidiyo, mitembo n'kuisiya ipume.

Achemwali, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo vidiyo sindikuinyoza ayi. Fomalini amaumitsa minofu n'kuisintha mtundu, moti woyamba kumene amavutika kusiyanitsa mtsempha wa magazi ndi mtsempha wotumiza mauthenga ku ubongo. Robert Acland, dokotala wa maopaleshoni wa ku Louisville ku America, anajambula ziwalo zikadali ndi mtundu wake weniweni, akumazitembenuza pamaso pa kamera kuti muzione mbali zonse. Zoterezi mukhoza kuziimitsa, kuzibweza, kuzionera kakhumi. Mtembo mukaudula molakwika, mwadula basi.

Koma taganizani za kachubu kotenga mkodzo kuchoka ku impso kupita kuchikhodzodzo. Mwa mayi, kamadutsa pansi pa mtsempha wa magazi wopita kuchiberekero, masentimita ngati 2 okha kuchokera pakhomo la chiberekero. Pavidiyo wina anakuyeretserani kale, wachotsa mafuta onse, mwina waikaponso muvi. Tsiku limene mudzakhale m'chipinda cha opaleshoni pa Kamuzu Central, kapena kuchipatala cha boma kutali komwe dokotala wamkulu kulibe, mayi akutaya magazi, muviwo sudzakhalapo. Kachubuko mudzakapeza ndi zala zimene zinakafufuzapo kale m'mafuta, pang'onopang'ono, mpaka kukamva mmene kamaterereka. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakamanga pamodzi ndi mtsemphawo, impso ya mayiyo ili pachiswe.

China n'chakuti vidiyo imakuonetsani thupi limodzi, pomwe matupi sangafanane. Pali kamnofu kena kapamkono, palmaris longus, komwe anthu ena alibe n'komwe. Ngakhale Andreas Vesalius, katswiri wa anatomy wa ku Ulaya, pamene ankatulutsa buku lake mu 1543, anakonza zolakwika za Galen, dokotala wakalekale wachigiriki, chifukwa anatumbula yekha mitembo ya anthu, pomwe Galen ankadalira nyama monga anyani.

Ine ndikanakhala inu, ndikanaonera kachigawo kamene tikatumbule mawa lokha, mphindi khumi, madzulo ake. Ndikatuluka m'kalasi ndikanaoneranso, ndikuyerekeza ndi zimene manja anga apeza. Bandulo ndi yodula ndipo magetsi amathima, choncho koperani mavidiyowo mukakhala pa intaneti ya kusukulu. Za kuunjikanazo, pemphani aphunzitsi aike kamera pamwamba pa tebulo, zithunzi zizioneka pakhoma, kenako muzisinthana mpeni kuti aliyense agwireko.

Kamera imeneyo ikhale ya sukulu, nkhope ya malemuyo itaphimbidwa. Foni yanu isiyeni m'chikwama. Wagona patebulopo ndi bambo kapena mayi wa munthu wina, ndipo sindikufuna kudzamva kuti chithunzi chake chikuyenda m'magulu a WhatsApp ku Kawale kapena ku Area 25 komwe abale ake angachione.