Kodi Apache iloledwe kuwerenga mapasiwedi a pa seva?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti kuntchito kwawo aliyense ali kale ndi akaunti pa seva ya Ubuntu, ndipo akufuna kuti mapasiwedi omwewo azitsegulanso tsamba la m'kati mwa ofesi. Akufunsa ngati kuli koyenera kulola Apache, pulogalamu yoyendetsa tsambalo pa seva, kuti iziwerenga fayilo ya /etc/shadow, momwe mumasungidwa mapasiwedi obisidwa a maakaunti a pa seva.

Chonde musatero, akulu. Pa Ubuntu, Apache imagwira ntchito pansi pa akaunti ya www-data, imene anaimana mphamvu mwadala, ndipo mukaitsegulira fayiloyo, wakuba aliyense wopeza mpata pa tsamba lanu adzakopera mapasiwedi obisidwa a anthu onse n'kukalimbana nawo kwawo mosathamangitsidwa ndi munthu.

Chimene ndingakulangizeni ndicho kuika mod_authnz_external, chowonjezera cha Apache choilola kufunsa pulogalamu ina ngati pasiwedi ili yolondola, pamodzi ndi pwauth, kapulogalamu kamene kanalembedwa ndi Jan Wolter. Munthu akalemba dzina ndi pasiwedi, Apache imadzutsa pwauth n'kuipatsira ziwirizo, ndipo pwauth yokhayo, imene ili ndi chilolezo cha setuid root (chogwira ntchito ndi mphamvu za akaunti yaikulu ya seva), ndiyo imakafufuza mu /etc/shadow. Ikatha imabweza nambala basi: 0 kutanthauza kuti munthuyo alowe, nambala ina iliyonse kutanthauza kuti akanidwe. Mukhozanso kulemba pulogalamu yanuyanu yofufuza mu database, bola izitsata lamulo lomweli la manambala. M'makonzedwe a Apache, pulogalamuyo mumaitchula ndi lamulo la DefineExternalAuth, kenako pa chikwatu chimene mukuteteza mumalemba AuthBasicProvider external ndi AuthExternal.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa kapatsidwe ka pasiwedi. Sankhani njira ya pipe, imene imatumiza dzina pa mzere woyamba ndi pasiwedi pa mzere wachiwiri, chifukwa njira ya environment imasiya pasiwedi pamalo pamene, pa makina ena, anthu ena ogwiritsa ntchito seva yomweyo angathe kuiona. Ndipo popeza Basic Authentication, njira imene dzina ndi pasiwedi zimatumizidwira ku tsambalo, imangokulunga pasiwedi mu base64, imene aliyense angaimasule mosavuta, musayerekeze kuyendetsa zimenezi popanda HTTPS, imene imabisa zonse zotumizidwa pakati pa munthu ndi tsamba, makamaka poti mapasiwedi amenewa ndi omwe amatsegulanso seva yeniyeniyo.

Dziwaninso kuti pulogalamuyo imadzutsidwa pa pempho lililonse, ngakhale la kachithunzi kamodzi, choncho tsamba lodzaza zithunzi lidzalemetsa seva. Pa Apache 2.4, chowonjezera china chotchedwa mod_authn_socache chimakumbukira kwa kanthawi amene avomerezedwa kale, koma mtengo wake ndi wakuti munthu amene mwangomutsekera akaunti akhoza kupitiriza kulowa mpaka nthawiyo itatha.