Mwana wa kadzidzi mubwezereni m'siling'i dzuwa lisanalowe

Mayi a ku Area 25, ndawerenga zomwe mwalemba, kuti ana atola kambalame pakhonde m'mawa uno, koyera ngati thonje, nkhope ngati mtima, ndipo mwakapatsa phala ndi mkaka koma kakukana. Mwatinso usiku m'siling'i mumamveka phokoso ngati njoka yolusa, aneba akuti ndi malodza, ndipo alandilodi akufuna kutseka pabowo mawa. Chithunzi ndachiona. Ameneyo ndi mwana wa kadzidzi, mtundu uja wokonda kuswera m'madenga a nyumba, m'matchalitchi ndi m'masukulu. Si wamasiye ayi. Makolo ake ali m'denga mwanumo kapena chapafupi, akugona poti kunja kwawala.

Choyamba, phala ndi mkaka musiye pomwepo. Ndikudziwa kuti mwachita izi ndi mtima wa ukholo, koma mimba ya mbalame sigaya mkaka, ndipo kadzidzi sadya chilichonse chochokera ku ufa. Madzi nawo musamuthire kukamwa. Kabowo kopumira ka mbalame kali kuseri kwa lilime, ndiye timadontho tochepa tikalowera pamenepo timapita m'mapapo, mawa mupeza yauma. Njala ya tsiku limodzi siyingamuphe msanga ngati mmene angafere ndi supuni ya madzi.

Pezani katoni, muboole timabowo ta mpweya, pansi muyale tawulo yakutha kapena chitenje chopanda ulusi wolendewera. Pomunyamula mumufunditse nsalu kumutu, mugwire thupi lonse mapiko ali opinda. Mlomo si woopsa kwenikweni, chenjerani ndi zikhadabo, chifukwa akaopa amagona chagada n'kuponya miyendo. Katoniyo muike m'chipinda cha mdima, kozizira bwino, kutali ndi mphaka ndi wayilesi. Ana auzeni kuti kusuzumira mphindi iliyonse n'kumuzunza.

Kenako mumuone bwinobwino. Ngati palibe magazi, mapiko onse akhala mofanana, maso akutsegula ndipo miyendo ikugwira nsalu mwamphamvu, mankhwala ake ndi amodzi basi, kubwerera pomwe wachokera. Apa ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ambiri amasokoneza. Ana a mbalame zina, monga apumbwa, akatuluka m'chisa nthenga zitamera, makolo amawadyetsera pansi pomwepo, ndipo ameneo timangowasiya. Kadzidzi wa m'denga satero. Iye amapititsa chakudya pachisa, ndipo mwana amene wagwa pansi kawirikawiri amangoiwalika. Ndiye pezani munthu wa makwerero alowe ndi tochi. Chisa cha udzu sachipeza, kadzidzi samanga. Aone pomwe pali zitosi zoyera ndi timibulu takuda touma, pamenepo ndiye pakhomo pawo. Akapeza anzake ena akuluakulu ena ang'onoang'ono asadabwe, mayi wawo amaikira dzira limodzi pakatha masiku awiri kapena atatu, ndiye saswa tsiku limodzi. Amuike pambali pa anzakewo chakumadzulo, atsike.

Zoti mbalame ikamva fungo la munthu imakana mwana wake si zoona. Tonse tinakula tikuuzidwa zimenezo, mwina pofuna kuti tisamaphwasule zisa. Ine ndinabwezerapo mwana wotere m'denga la nyumba ina ya aphunzitsi, nditamugwira ndi manja angawa. Usiku womwewo tinakhala panja pamphasa, ndipo cha m'ma 7 koloko tinaona mayi wake akulowa mwakachetechete, khoswe ali lende kukamwa. Phokoso lomwe linabuka m'dengamo ndi lomwe inu mukuliyesa njokalo. Ndi ana akulirira chakudya, palibenso china.

Za malodzazo sindikufuna kunyoza aneba anu. Inenso agogo anga kadzidzi akalira padenga ankatuluka ndi chikuni cha moto, ndipo mantha amenewo ndimawadziwa kukula kwake. Koma taganizani chomwe chamubweretsa. M'tauni mitengo ikuluikulu ya mphako inatha, ndipo makoswe ali mbwee kuseri kwa nyumba zathu, m'maenje a zinyalala ndi momwe timasunga matumba a chimanga. Wapeza pogona, wapeza ndiwo. Timibulu takuda tija mukatiphwanya ndi kamtengo pamaso pa anebawo, muona ubweya, timafupa ndi tizigaza ta makoswe tili ndi mano ake achikasu. Kadzidzi amameza nyama yathunthu, zosagayika n'kuzilavula. Ndaonapo bambo wina amene anabwera ndi legeni atakhala chete poona zimenezi, kenako n'kufunsa ngati mbalamezo zingasamukire kunkhokwe kwake.

Alandilodi apempheni mwaulemu kuti adikire. Mazira amatenga pafupifupi mwezi kuti aswe, ndipo ana amayamba kuuluka akakwanitsa miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Wanuyo ndi wamkulu kale, ndiye masabata otsala si ambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatseka mawa, ana afera m'katimo, fungo lidzakuvutani inu nomwe, ndipo makolo azidzalira padenga usiku uliwonse. Phokoso likatha kwa masiku angapo, wina akwere akatsimikize kuti mulibe kanthu, asese atavala chophimba kumphuno, ndiyeno atseke.

Chinthu china chomwe chimandipweteka mtima ndi tameki ndi mankhwala ena a makoswe. Khoswe akadya poizoni amayenda mozandima, ndipo ndi yemweyo amene kadzidzi amagwira mosavuta n'kupititsira ana. Banja lonse limatha. Pa miyezi imeneyi tcherani misampha basi, ndipo muwauzeko a nyumba zoyandikana.

Tsono ngati phiko lagwa mbali imodzi, pali bala, kapena mphaka anamugwirako ngakhale pang'ono, musamubwezere. Mano a mphaka amasiya tizilombo topha mbalame m'masiku ochepa ngakhale bala lisakuoneka. Zikatero, kapena ngati pachisa sipakufikika, lankhulani ndi a Lilongwe Wildlife Centre, aja ali m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre. Malowa amayendetsedwa ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust, ali ndi madokotala a nyama zakuthengo, ndipo ntchito yawo ndi yomweyi, kusamala zovulala ndi zamasiye n'kuzibwezera kutchire. Nambala yawo muipeza patsamba lawo la Facebook. Muyambe mwaimba ndi kutumiza chithunzi musanakwere minibasi, akuuzani chochita. Amene muli kutali ndi Lilongwe, pitani ku ofesi ya Dipatimenti yoona za nyama zakuthengo, kapena funsani a WESM, bungwe loteteza nyama zakuthengo ndi chilengedwe.

Ana akapempha kuti mumuwete, muwakanize. Nyama ya ng'ombe yokhayokha imamupundula miyendo chifukwa mulibe mafupa ndi ubweya zomwe thupi lake limafuna, ndipo akazolowera anthu sadzathanso kudzisakira. Komanso malamulo a nyama zakuthengo, omwe anakhwimitsidwa mu 2017, si oseweretsa pa nkhani yosunga zamoyo zotere popanda chilolezo.

Mukamubwezera, m'mawa muyang'anenso pakhonde ndi kuseri kwa nyumba, chifukwa malata akatentha kwambiri amatha kugwanso. Akagwa, mubwezereninso. Mutiuze m'gulu muno mmene zithere usiku uno.