Chamba cha mankhwala ndi chosuta si nkhani imodzi

Achimwene mwafunsa ngati boma likalola chamba cha mankhwala ndiye kuti aliyense atha kumangosuta, ayi ndithu, zimenezi nzosiyana. Mu chamba muli THC, ameneyu ndi amene amaledzeretsa, komanso muli CBD yemwe saledzeretsa ndipo ku America mu 2018 anavomereza mankhwala a CBD othandiza ana a khunyu lovuta. Apa ine sindiona chokanganirana, odwala khansa enanso amapatsidwa mankhwala a THC kuti asiye kusanza akamalandira mankhwala amphamvu a khansa otchedwa chemo, koma zonsezi dokotala ndi amene amalemba.

Chosuta pongosangalala ndiye pali phokoso. Uruguay inalola mu 2013, Canada mu 2018, iwo amati bola boma lizigulitsa mwa malamulo, lizitolera msonkho, apolisi asiye kutaya nthawi ndi munthu wa ndudu imodzi. Zomveka ndithu koma vuto ndi achinyamata, ubongo umakhala usanakhwime ndipo wosuta kwambiri chamba champhamvu amatha kuyamba matenda a misala makamaka ngati kumtundu kwawo aliko kale. Thailand inamasula mu 2022 mopupuluma, mashopu anangoti mbwee paliponse, pofika 2025 anabwerera mmbuyo nkunena kuti wogula azionetsa kalata ya dokotala.