Chithunzi cha mwana chafala pa WhatsApp: muyambire pati?

Amayi ena a ku Katete atilembera imelo. Mwana wa mchemwali wawo, wa zaka 15, anagwiriridwa ndi anyamata, ndipo chithunzi chimene anamujambula chikuyenda m'magulu a WhatsApp a kusukulu. Mtsikanayo wasiya kudya, akungoti "bola kufa." Akufunsa ngati lamulo lingathandize.

Lingathandize, amayi, koma yambani ndi moyo wake. Mfunseni mosapita m'mbali: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Funsoli silibzala maganizowo m'mutu mwake, limangomutsegula pakamwa. Asagone yekha. Mankhwala opopera thonje, a makoswe ndi mapiritsi a m'nyumba atsekeredwe kwina lero lomwe. Imbani 116 ya Childline, ndi yaulere usana ndi usiku. Musamulande foni mwaukali, chifukwa aona ngati wolakwa ndi iyeyo. Khalani naye pansi, ndipo mukasunga umboni mutuluke m'maguluwo limodzi.

Ngati sipanathe maola 72, thamangirani kuchipatala akayambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amamwedwa masiku 28. Oletsa mimba amwadzidzidzi amagwira mpaka masiku 5. Ngakhale nthawiyo yadutsa, pitanibe: lipoti la dokotala limafunika kukhoti. Kupolisi funsani Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Pa umboni ndi pamene ambiri amalakwitsa. Musanatuluke m'gulu, lembani dzina la gululo, manambala a otumiza ndi tsiku, mujambulenso mauthenga onyoza. Koma chithunzicho musachitumize kwa aliyense, ngakhale kwa amalume "kuti aone". Kufalitsa chithunzi chamaliseche cha mwana ndi mlandu, ndipo aliyense wochiona akumuvulazanso. Foniyo aione apolisi.

Mu Zambia kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu pa gawo 138 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango. Munthu wamkulu chilango chimayambira zaka 15 m'ndende. Ngati olakwawo ndi ana, mlandu umatsata lamulo la ana, Children's Code Act ya 2022. Nkhanza za pa intaneti zinalowa m'lamulo la 2021, limene linasinthidwa mu 2025.

Kwina malamulo otere anabwera maliro atachitika kale. Ku Nova Scotia, m'dziko la Canada, Rehtaeh Parsons anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 17, chithunzi chake chitazungulira kusukulu ndipo apolisi atatseka nkhaniyo popanda woimbidwa mlandu. Anaitsegulanso iye atapita. Chaka chomwecho chigawocho chinakhazikitsa lamulo lolimbana ndi nkhanza za pa intaneti, Cyber-safety Act, ndipo kuyambira 2015 kufalitsa zithunzi zotere popanda chilolezo ndi mlandu m'Canada yense. Chimatiwawa n'chakuti mtsikanayo anadikira thandizo kupitirira chaka.

Makolo a anyamatawo abwera ndi mbuzi kapena ndalama kuti nkhani ithere kwa amfumu. Kanani. Mlanduwu si wapabwalo la m'mudzi, ndipo mukalandira, mboni zimayamba kubwerera m'mbuyo, mwana n'kumaona kuti wagulitsidwa.